Filimu ya perovskite ikachita mbuu mvula itayamba: yambani ndi mpweya wa m'labu

Funso ili lachokera kwa wophunzira wa digiri yachiwiri muno mu Harare, amene amakhala ku Mufakose koma kwawo ndi ku Dedza: "Ndikupanga maselo a dzuwa a MAPbI3 pa spin coater, m'labu yopanda glovebox. Mu Seputembala ndi Okutobala mafilimu ankatuluka akuda, onyezimira ngati kalilole, ndipo maselo ankafika cha m'ma 12 peresenti posandutsa kuwala kukhala magetsi. Chiyambire mvula akutuluka otuwa, ena ali ndi timabowo, ena ali ndi mzere wozungulira pakati, ndipo ambiri sakupitirira 5 peresenti. Ndondomeko ndi yomweyo, ndimathira diethyl ether ngati kale. Kodi ndilimbikire kupempha ndalama za glovebox, kapena ndisiye spin coating ndiyambe blade coating?"

Achimwene, musasiye spin coating (kupaka filimu pozunguza galasi) pakali pano, ndipo musaimitse ntchito podikira glovebox (bokosi lotsekeka losalowa mpweya wa panja ndi chinyezi). Manja anu ndi omwewo, pepala limene mukutsatira ndi lomwelo, chimene chasintha ndi mpweya wa m'chipinda. Filimu ya perovskite (kwa inu ndi MAPbI3), kachikuto kaja komwa kuwala kwa dzuwa ka mananomita 400 mpaka 600, imakoma kapena kuwonongeka m'masekondi ochepa amene zosungunulira zikuchoka pagalasi. Kuwotcha pa hotplate kumangomaliza zimene zayambika kale. Mukasamukira ku blade coating (kupaka filimu ndi mpeni) musanamvetse masekondi amenewo, vuto lomweli mudzangoliyala pagalasi lalikulu.

Tiyambe ndi zimene zimachitika pagalasi likamazungulira. M'solushoni yanu muli PbI2 (lead iodide, mchere wa mtovu) ndi MAI (methylammonium iodide), zimene zikagwirana zimapanga MAPbI3, ndipo zosungunulira zake ndi DMF, ndi DMSO pang'ono. DMF amawira pa madigiri 153, DMSO pa 189, choncho onse awiri amauma mwaulesi. Akamachoka pang'onopang'ono, mbewu za makristalo zimabadwa zochepa, ndipo zochepazo zimakula momasuka n'kukhala tinsingano titalititali tosiya mipata pakati. Mipata imeneyo ndiyo timabowo tanu, ndipo tinsinganoto ndi timene timamwaza kuwala mpaka filimu kuoneka yotuwa. Ntchito ya antisolvent, madzi monga ether wanu amene amathiridwa galasi likuzungulira, ndi kukokolola DMF mwadzidzidzi, kuti mbewu zibadwe zambirimbiri nthawi imodzi, zithinane, pasakhale ina yokula kuposa inzake. Chotsala pagalasi ndi kachikuto koonekera ngati pulasitiki, kamene ndi MAI, PbI2 ndi DMSO zogwirana. Pa hotplate DMSO amachoka ndipo kachikutoko kamada. Nzeru yotsuka ndi antisolvent inafalitsidwa mu 2014 ndi gulu la Sang Il Seok ku Korea, lomwe linkagwiritsa ntchito toluene. Ndondomeko ya ether imene ambiri amatsatira ndi ya gulu la Nam-Gyu Park ya mu 2015: PbI2 461 mg, MAI 159 mg ndi DMSO 78 mg mu DMF 600 mg, kuzunguza pa 4000 rpm kwa masekondi 25, kuthira ether 0.5 mL filimu isanachite chifunga, kenako madigiri 65 mphindi imodzi ndi madigiri 100 mphindi ziwiri. Ndikuganiza kuti yanu ndi imeneyi kapena yofanana nayo.

Madzi amalowerera m'njira ziwiri. Yoyamba imadziwika ndi aliyense: DMF, DMSO ndi MAI zonse zimayamwa chinyezi mumpweya, ndipo madzi akalowa m'filimu yonyowa, makristalo amayamba kupangika nthawi isanakwane, inu musanathire n'komwe antisolvent. Yachiwiri ndi imene ndikuiganizira kwambiri pa nkhani yanuyi. Ether amauma mofulumira kwambiri, ndipo pouma amaziziritsa galasi. Masana a mu Okutobala, kutentha kuli madigiri 28 ndipo chinyezi chili 25 peresenti, mame sangapangike mpaka galasi litazizira kufika cha pa madigiri 6. Mu Januwale, kutentha kuli 25 ndipo chinyezi chili 70 peresenti, mame amayamba pa madigiri 19 okha. Ether satenga nthawi kutsitsa galasi ndi madigiri 6. Choncho nthawi yeniyeni imene mukufuna filimu itseke bwino, timadontho ta madzi tikutera pamwamba pake monga mmene botolo lochokera m'firiji limachitira thukuta. Kadontho kalikonse kamasiya kabowo kapena kabanga kotuwa.

Pali chinanso cha kuno chimene mapepala a ku Seoul, Lausanne kapena Oxford sangakuuzeni. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, kumene mpweya umapanikiza ndi mphamvu ya 85 kPa m'malo mwa 101. N'chifukwa chake madzi kuno amawira cha pa madigiri 95. Ether, amene m'mphepete mwa nyanja yamchere amawira pa madigiri 34.6, kuno amawira cha pa 30. Tsiku lotentha amakhala atatsala pang'ono kuwira ali m'botolo. Amadontha yekha m'pipeti chifukwa nthunzi yake ikumukankha, ndipo mlingo umene umafika pagalasi suli umene munayeza. Zosungunulira zinanso zimauma mofulumirako kuposa kumene mapepalawo analembedwera. Ndiye sekondi imene pepala latchula musaitenge ngati lamulo, muyenera kupeza yanu.

Kupeza sekondi yanu

Tengani galasi limodzi, thirani solushoni, zunguzani osathira antisolvent, mutayatsa nyale kuti iwale chopendekera pagalasipo ndipo foni ikujambula vidiyo. Mudzaona mitundu ikuyenda ngati ya mafuta pamadzi, kenako mwadzidzidzi galasi lichita chifunga. Lembani sekondi imeneyo. Antisolvent ayenera kutera masekondi 2 kapena 3 chifungacho chisanafike. Pa ndondomeko ya DMF wambiri ngati yanu, nthawiyi imagwa cha m'masekondi 10 oyambirira. Kenako pangani magalasi anayi otsatizana, mwachitsanzo kuthira pa sekondi 6, 8, 10 ndi 12, ndipo muwayang'ane poyatsa nyale kumbuyo kwawo komanso pa maikulosikopu wamba. Chitani zimenezi m'mawa uliwonse umene chinyezi chasintha kwambiri. Galasi limodzi lotayika pa tsiku ndi lotchipa kuposa khumi ndi awiri otayika madzulo.

Filimu yolakwika imanena yokha chimene chalakwika, bola muiyang'ane modekha. Ikakhala yopyapyala pakati, yooneka mofiirira, ndi mizere yochoka pakati kupita m'mbali, mwathira msanga ndipo antisolvent wakokolola perovskite weniweniyo. Ikakhala yotuwa ponseponse ndipo inatuwa isanafike pa hotplate, mwachedwa, kapena mame aja. Mzere wozungulira umene mwautchulawo umachokera ku kathiridwe: mwina mwathira mwamphamvu kwambiri, mwina pipeti inali patali, mwina madzi anatuluka modukizadukiza, kadontho koyamba kanatera padera n'kuyambitsa makristalo pakati pokha. Nsonga ya pipeti ikhale pafupifupi sentimita imodzi pamwamba pa galasi, pakati penipeni, ndipo muthire ulendo umodzi wosadukiza, wotha m'sekondi imodzi kapena iwiri. Dulani nsongayo pang'ono kuti bowo likule, madzi azitsika mofatsa m'malo mobaya filimu. Musanayeze mlingo weniweni, kokani ndi kutulutsa antisolvent m'pipeti katatu kapena kanayi kuti nthunzi idzaze mkati, apo kudontha kokha kuja kumachepa. Timizere tokhala ndi kamutu ngati nyenyezi ya mchira ndi fumbi kapena timibulu ta PbI2 tosasungunuka. Solushoni ikamathawa m'mbali mwa galasi n'kusiya malo ouma, galasilo ndi lakuda. Ndipo nthawi zonse tembenuzani galasi muliyang'ane kunsi. Pamwamba pakhoza kunyezimira pomwe kunsi kuli mbuu, zimene zikutanthauza kuti pamwamba panatseka msanga, DMSO anatsekeredwa pansi, ndipo pochoka anasiya timapanga pakati pa perovskite ndi chikuto cha pansi. Zikatero chepetsani DMSO pang'ono kapena onjezani antisolvent.

Langizo langa lalikulu pa nyengo ino ndi lakuti muchoke pa ether mupite pa ethyl acetate. Iyeyu amawira pa madigiri 77, choncho saziziritsa galasi ngati ether, sadontha yekha m'pipeti, ndiponso amatha kumwa madzi pang'ono, ndiye amatenga chinyezi china chimene chikanalowa m'filimu. Gulu la ku Swansea University linasonyeza mu 2017 kuti ethyl acetate amapereka mafilimu abwino a MAPbI3 ngakhale mumpweya wa chinyezi chambiri. Pagalasi la masentimita 2.5 mbali zonse, yambani ndi mamaikulolita 200 ndipo musinthe malinga ndi zimene mukuona. Koma akhale wouma. Wa m'botolo lotsegulidwa kale amene amatsukira ziwiya sangakuthandizeni. Muikeni pa molecular sieve (timikanda tomwa madzi) ya 3Å, imene mwaiwotcha kaye pa madigiri 250 mpaka 300 kwa maola angapo, ndipo agonepo masiku awiri. Chlorobenzene amene mumamuona m'mapepala ambiri amagwira bwino ntchito m'glovebox, koma panja sateteza ku chinyezi ndipo ndi woipa kupuma.

Chachiwiri, tenthetsani galasi ndi solushoni pa madigiri 60 mpaka 70 musanazunguze. Galasi lofunda silichita mame. Dziwani kuti likafunda DMF amauma msanga, ndiye sekondi yanu ija ibwera pafupi, muyenera kuiyezanso. Kuchoka pa hotplate kufika poyamba kuzunguza pazitenga nthawi yofanana pa galasi lililonse, apo ayi lililonse lidzakhala ndi kutentha kwakekwake.

Bokosi louma m'malo mwa glovebox

MAPbI3 safuna mpweya wouma kotheratu ngati wa m'glovebox. Chinyezi chikakhala pansi pa 30 kapena 35 peresenti, ndiponso chosasinthasintha, mafilimu abwino amatheka, ndipo inuyo mwadzionera kale mu Okutobala. Ntchito yanu ndi kupanga Okutobala m'bokosi. Bokosi la acrylic lokwanira spin coater ndi manja awiri, thireyi ya silica gel ya makilogalamu awiri kapena atatu, kachipangizo koyezera chinyezi mkati ndi kena panja, ndi paipi yolowetsa naitirojeni kapena mpweya wa kompuresa wodutsa m'chubu cha silica gel, zimenezi zimakwanira. Silica gel akasintha mtundu muwotcheni mu uvuni pa madigiri 120. Ngati chipinda ndi chaching'ono ndipo chimatsekeka bwino, makina ochotsa chinyezi a m'nyumba amathandiza kuti bokosilo lisamavutike.

Bokosi lili ndi msampha wake umene ambiri amagweramo. Solushoni yoposa 90 peresenti imene mumathira pa spin coater imamwazikira m'mbale ya makinawo. Mukapanga magalasi anayi kapena asanu, m'bokosi mumadzaza nthunzi ya DMF ndi DMSO, filimu imauma mochedwa, ndipo sekondi yanu imasuntha inu osadziwa. Chizindikiro chake ndi chakuti magalasi oyamba amakoma, omaliza amatuwa. Yalani foyilo m'mbalemo ndipo muziisintha, pukutani pakatha magalasi atatu aliwonse, ndipo mpweya wouma uziyenda mosalekeza n'kutulukira mu fume hood. Hotplate ikhale kunja kwa bokosilo kapena m'bokosi lina, chifukwa DMSO wochoka pamenepo amabwerera ku filimu yotsatira. Chonde musatseke ether kapena ethyl acetate m'bokosi losatuluka mpweya momwe muli mota. Onse awiri amayaka, ndipo ether sachedwa n'komwe.

Pa hotplate palinso zoyenera kuyeza. Nambala ya pa sikirini si kutentha kwa pamwamba pa galasi, ndipo pakati ndi m'mbali zimasiyana nthawi zina ndi madigiri 10 kapena kuposa. Ikani chitsulo cha aluminiyamu chokhuthala sentimita imodzi pamwamba pake, yezani ndi thermocouple, ndipo magalasi azikhala pachitsulocho. Chimafalitsa kutentha mofanana, komanso magetsi akathima pakati pa ntchito chimasunga kutentha mpaka mphindi 10 zanu zitatha. Spin coater ndi pampu yake zikhale pa UPS, batire yosungira magetsi. Ndondomeko ya Park ija imatchula mphindi ziwiri, koma kwa MAPbI3 mutha kuwotcha pa madigiri 100 mpaka mphindi 10, ndipo zimakwana. Mukapitiriza kwambiri, makamaka mumpweya wonyowa, MAI amathawa n'kusiya PbI2, ndipo filimu imayamba chikasu m'mbali. Ngati mungapeze makina a XRD, oyezera makristalo ndi X-ray, perovskite amaonekera pa madigiri 14.1 ndi 28.4, pomwe PbI2 amaonekera pa 12.7. Kansonga kakang'ono pa 12.7 sikoopsa, koma kakamafika theka la ka pa 14.1 ndiye kuti mwawotcha mopitirira kapena madzi alowa.

Mwina vuto linayamba kale m'mabotolo. MAI wabwino ndi woyera ndipo amayoyoka ngati shuga. Akayamba kumata kapena kuoneka wachikasu, wamwa madzi, ndipo 159 mg yanu siilinso MAI yekha. Azikhala mu desiccator (chidebe chotseka chouma mkati), mumdima, ndipo mugawe m'timabotolo ting'onoting'ono kuti lalikulu lisamatsegulidwe tsiku ndi tsiku. Botolo lochokera m'firiji lidikire lifunde lisanatsegulidwe. DMF akakumana ndi madzi amaphwanyika pang'onopang'ono kukhala dimethylamine ndi formic acid, ndipo akayamba kununkha ngati nsomba ndiye kuti watha ntchito pa perovskite. Mutengeni ndi sirinji kudzera pa chotsekera cha labala, osatsegula chivindikiro. Solushoni ipangidwe tsiku lomwelo, itenthetsedwe cha pa madigiri 60 mpaka iyere bwino, isefedwe ndi sefa ya PTFE ya mamaikulomita 0.45 kapena 0.2.

Za galasi ndinena mwachidule chifukwa mukuzidziwa: sopo wa m'labu, madzi osefedwa, acetone, isopropanol, chilichonse mphindi 15 mu ultrasonic bath, kenako UV-ozone mphindi 15 mpaka 20. Chimene chimaiwalika ndi chakuti mphamvu ya UV-ozone imatha galasi likakhala pamphepo, ndiye muthire solushoni pasanathe theka la ola. Ngati chikuto cha pansi ndi SnO2, chiwotcheni pa madigiri 150 kwa mphindi 30, ndipo chibwererenso mu UV-ozone perovskite asanatere.

Musaloze chala perovskite yekha. Ngati pamwamba mumaika spiro-OMeTAD, chikuto chonyamula magetsi kuchoka pa perovskite, ndi ndondomeko yodziwika ija, 72.3 mg mu chlorobenzene 1 mL, tBP mamaikulolita 28.8, ndi mamaikulolita 17.5 a Li-TFSI wa 520 mg pa mL mu acetonitrile, dziwani kuti mchere wa lithium umenewo umayamwa madzi koopsa. Nyengo ya mvula umatha kukoka chinyezi n'kuchitsitsira pa perovskite usiku umodzi wokha. Spiro amafuna okosijeni kuti ayambe kuyendetsa bwino magetsi, koma safuna madzi, choncho maselo agone mu desiccator ya mpweya wouma, mumdima, osati m'kabati. Kuti mudziwe wolakwa, onani mmene mzere wa J-V, wosonyeza magetsi amene selo ikutulutsa pa volti iliyonse, ukuonekera. MAPbI3 wabwino amapereka Voc (volti yapamwamba, magetsi asakuyenda) yoposa volti imodzi ndi Jsc (magetsi oyenda volti ili ziro) yoposa 20 mA pa sikweya sentimita. Voc ikatsika kwambiri pamodzi ndi fill factor (muyezo wa mmene mzerewo wadzazira ngati bokosi), ndipo selo ikudutsitsa magetsi ambiri mumdima, ndi timabowo: chikuto cha pamwamba chakhudza cha pansi. Jsc yokha ikatsika, filimu ndi yopyapyala kapena muli PbI2 wambiri. Mzere ukapindika ngati chilembo S pafupi ndi Voc, yang'anani spiro kapena SnO2. Makulidwe a filimu amatsika molingana ndi square root ya liwiro, ndiye kuchoka pa 4000 kupita pa 3000 rpm kumangowonjezera pafupifupi 15 peresenti. Mukafuna kusintha kwakukulu, sinthani kuchuluka kwa DMF m'solushoni.

Njira zina, ndi nthawi yake

Ngati bokosi lichedwa, njira ya masitepe awiri ndiyo pothawira. Inatchuka mu 2013 kuchokera ku gulu la Michael Grätzel ku Lausanne. Mumayamba ndi PbI2 yekha, 461 mg pa mL ya DMF, wofunda pa madigiri 70, kumuzunguza pagalasi lofunda, kenako kumupatsa MAI wosungunulidwa mu isopropanol, kaya pomiza galasi mu solushoni ya 10 mg pa mL kapena pothira ya 40 mpaka 50 mg pa mL n'kuzunguza. Palibe sekondi yoti muthamangire, ndipo PbI2 payekha saopa chinyezi ngati perovskite wonyowa. Vuto lake ndi lakuti PbI2 akamasanduka perovskite amafufuma pafupifupi kuwirikiza kawiri, pamwamba pamatseka, ndipo MAI amalephera kufika pansi. Mankhwala ake ndi kuika DMSO pang'ono, gawo limodzi mwa magawo khumi, m'solushoni ya PbI2, ndi kusamuumitsa kwambiri, madigiri 70 mphindi imodzi basi, kuti akhale wofewa MAI azilowa.

Imene ndingakulimbikitseni kuti muiyese chaka chino ndi youmitsa ndi vacuum. Gulu la Grätzel lomwelo linaifalitsa mu 2016: mukangomaliza kuzunguza, filimu yonyowa mumaiika m'kabokosi kakang'ono, kutsitsa mpweya mwadzidzidzi kufika cha pa 20 Pa kwa masekondi pafupifupi 10, n'kuiika pa hotplate. Palibe antisolvent, palibe mame, palibe mzere wozungulira, ndipo zotsatira sizidalira dzanja la munthu. Chofunika ndi liwiro la kutsika kwa mpweya, choncho kabokosiko kakhale kakang'ono kwenikweni, paipi ikhale yaifupi ndi yonenepa, ndipo pampu ikhale itayamba kale kulira ndi valavu yotseka, inu mungotsegula. Ikani chogwira nthunzi pakati, chifukwa DMF amawononga mafuta a pampu. Ubwino wina ndi wakuti kabokosi komweko kadzakuthandizani mukadzayamba blade coating.

Tsopano blade coating imene mwafunsa. Ndi njira yoyenera ngati cholinga cha kafukufuku wanu ndi magalasi aakulu, chifukwa spin coating imataya mankhwala ambiri ndipo galasi likamakula m'makona mumavuta. Koma si mankhwala a chinyezi. Filimu yopakidwa ndi mpeni imakhala yonyowa nthawi yaitali kuposa yozunguzidwa, ndiye madzi amapeza mpata wokulirapo. Makina ake sakuvuta: njanji ndi mota za 3D printer, mpeni wosalala, mpata wa mamaikulomita 100 mpaka 300 woyezedwa ndi feeler gauge, ndi tebulo lotenthetsa lolunjika bwino. Chimene chimasokoneza oyamba kumene ndi liwiro. Mpeni ukamayenda pang'onopang'ono, solushoni imauma pomwepo kumbuyo kwake, ndipo kuwonjezera liwiro kumapyapyalitsa filimu. Ukadutsa malire ena n'kumathamanga, umasiya filimu yonyowa imene imauma pambuyo pake, ndipo apa kuwonjezera liwiro kumaikhuthalitsa. Gawo lachiwirili limatchedwa Landau-Levich. Pakati pa awiriwa ndi pamene filimu imapyapyala kwambiri ndi kuchita mizeremizere. Jambulani makulidwe pa maliwiro asanu kapena asanu ndi limodzi musanapange selo iliyonse, mudziwe mbali imene muli. M'gawo lothamanga mufunika choumitsa m'malo mwa antisolvent, kaya mpeni wa mpweya wopemerera naitirojeni kumbuyo kwa mpeni wopaka, kaya vacuum ija. Gulu la Jinsong Huang ku America linasonyeza mu 2018 kuti kadontho kochepa kwambiri ka surfactant ya mtundu wa lecithin kamaletsa solushoni kusonkhana m'zilumba pouma. Ambiri amasinthanso DMF ndi zosungunulira zouma msanga monga 2-methoxyethanol ndi acetonitrile, koma 2-methoxyethanol amawononga ubereki, ndiye asatuluke mu fume hood.

Ngati golide wa pamwamba pa selo ndi makina omuphikira ndizo zikudya ndalama, onaninso maselo a carbon a zikuto zitatu, TiO2, ZrO2 ndi carbon, osindikizidwa ndi screen printing, amene gulu la Hongwei Han ku Wuhan linafalitsa mu 2014. Perovskite amangodonthetsedwa pamwamba n'kulowa yekha m'zikutozo, safuna spiro, ndipo amapirira mpweya wa panja kuposa ena, ngakhale mphamvu yake ndi yotsikirapo. Zophika PbCl2 (lead chloride) ndi MAI pamodzi mu vacuum, monga gulu la Henry Snaith linachitira ku Oxford mu 2013, zimapereka filimu yosalala kwambiri, koma makina ake ndi odula ndipo MAI savomera kuyezedwa bwino akamauluka. Imeneyo musaiganizire pakali pano.

Glovebox pemphani ndithu, makamaka ngati mudzapita ku FAPbI3, mtundu wina wa perovskite, amene chinyezi chimamutembenuza kuchoka ku mtundu wakuda kupita ku wachikasu wosagwira ntchito. Koma m'pempholo muikemo ndalama za naitirojeni ya chaka chonse, gasi wotsitsimutsira catalyst, magolovesi osinthira ndi magetsi osathima. Glovebox yosowa gasi imatha miyezi ili chotseka, ndipo yodzaza nthunzi ya DMSO imawononga mafilimu chimodzimodzi ndi mvula.

Sabata ikubwerayi chitani kuyesa kumodzi kokha. Magulu atatu, lililonse maselo osachepera asanu ndi atatu, solushoni imodzi, tsiku limodzi: ether pagalasi lozizira monga mukuchitira, ethyl acetate pagalasi lozizira, ethyl acetate pagalasi lofunda. Lembani chinyezi, kutentha, sekondi yothira ndi nambala ya galasi pamzere. Yezani ndi mask (chophimba chokhala ndi bowo lolowera kuwala) ya kukula kodziwika, pa kuwala kwa 100 mW pa sikweya sentimita kotsimikizidwa ndi selo ya silicon, pokweza volti ndi poitsitsa, ndipo selo yabwino muisiye pa mphamvu yake yapamwamba kwa mphindi imodzi kapena ziwiri muone ngati ikukhazikika. Muyerekeze magulu athunthu, osati selo imodzi imene yachita mwayi.

Chomaliza ndi thupi lanu ndi anzanu a m'labu. Mchere wa mtovu wosungunuka mu DMSO ndi woopsa kuposa ufa wake, chifukwa DMSO amadutsa pakhungu atanyamula zimene zasungunuka mwa iye. DMF amawononga chiwindi ndi mwana wosabadwa, choncho achemwali oyembekezera asagwire ntchito imeneyi. Magolovesi opyapyala a nitrile satchinga DMF nthawi yaitali: valani awiri, ndipo kadontho kakatera vulani pomwepo. PbI2 muyezereni pamalo osaomba mphepo, mutavala chotchinga mphuno, ndipo tebulo lipukutidwe ndi kansalu konyowa m'malo mosesa. Foyilo ya m'mbale, nsonga za pipeti, masefa ndi magalasi olakwika zonse zili ndi mtovu, ziikidwe m'chidebe chakechake cholembedwa bwino. Madzi otsukira asapite m'sinki ngakhale pang'ono. Zonyansa za mu mzinda uno zimakathera ku Lake Chivero, komwenso timatunga madzi akumwa. Asungeni m'botolo lotseka, la chlorobenzene padera, ndipo mufunse woyang'anira labu yanu za amene ali ndi chilolezo cha Environmental Management Agency chonyamula zinyalala zoopsa.